Mmene tinayendera ku Senga Bay Loweruka

Anzanga amene simunapite nawo, nayi nkhani ya ulendo wathu wokaphunzitsa za kupewa kumira m'madzi. Tinanyamuka mu Lilongwe cha m'ma 6 m'mawa pa minibasi, tinaima pang'ono pa Salima kugula chingwe, kufika ku Senga Bay dzuwa litakwera kale. July tinamusankha dala, pa 25 July paja ndi tsiku limene UN inakhazikitsa mu 2021 lokumbutsana za kupewa kumira m'madzi, komanso ndi nyengo ya mwera nde nyanja tinaipeza itakalipa ndithu, mabwato ambiri atawakokera kumtunda.

Anatilandira a BVC, komiti ya asodzi ya pagombepo. Ife tinapita ndi mapositala athu ndi chimkuzamawu kuti tikaphunzitse koma kunena zoona ophunzira tinali ifeyo. Bambo ena achikulire, msodzi wa khoka la chilimira, anatifunsa kuti kodi munthu akamamira amatani, tonse tinayankha kuti amakuwa uku akukupiza manja. Anangopukusa mutu. Akuti sakuwa ayi, mpweya wokuwira autenga kuti, amangoima chilili m'madzimo mutu utapendekera kumbuyo, kukamwa kukumira ndi kutuluka, iwe uli pamchenga umangoti akusewera. Ine thupi lonse linachita tsemwe, msuweni wanga anapita choncho padamu la kumudzi tili ana, ifeyo tikumuonerera.

Kenako bambo aja anatulutsa chigubu cha malita 5, cha mafuta ophikira chomwechi chimene timataya. Kutsiramo timadzi pang'ono kuti chilemereko poponya, kutseka kwambiri, kumanga chingwe pachogwirira, basi. Ukaona munthu akumira usathamangire kudumphamo, amakukakamira pakhosi mumira nonse awiri. Ponya chigubu chimupitirire ndiye uzikoka pang'onopang'ono mpaka chimukhudze, akagwira iwe khala pansi kuti asakugwetseremo. Tinayeserera aliyense katatu, mphepo imabweza chigubucho koma pomaliza tinazolowera, ndipo ana amene anatiunjirira ankaponya bwino kuposa ife.

Za ma life jacket, majekete oyandamitsa munthu pamadzi aja, tinakambako, asodzi anati amawafuna koma mtengo wake ndi wowawa, ndipo pamenepa ife tinalibe yankho, zinandipweteka. Amayi ogulitsa usipa nawo anatiuza kuti nkhawa yawo ndi tiana timene timatsatira azichemwali awo kotsuka mbale, kungotembenuka kamodzi mwana kulibe. Anadandaulanso za alendo ochokera m'tauni, eeh ifeyo tomwe, kubwera pa Khirisimasi titamwa mowa n'kulowa m'madzi osafunsa eni dera kuti pozama pakuyambira pati.

Tinabwerako cha m'ma 4 titasiya zigubu 6 zomanga kale kwa a komiti. Tagwirizana kuti ulendo wina tikayambe kusukulu za pulayimale za kufupi ndi nyanja mvula isanagwe, nde chonde aliyense asataye chigubu kunyumba, mutsuke bwino ndipo chivindikiro chisasowe, mubwere nazo pamsonkhano wa Lachitatu.