Khungwa la mvunguti kuchoka ku Ngabu mpaka mu labu

Agogo anga ku Ngabu akhala akuwiritsa khungwa la mvunguti kuyambira ndili mwana. Munthu akabwera ndi bondo lotupa, amamuthowa ndi madzi akewo. Nditafika chaka chomaliza cha maphunziro a zamankhwala, ndinasankha mtengo womwewu kuti ndikauyese mu labu ngati ulidi ndi mphamvu yochepetsa kutupa.

Ndinayamba ndi kukapempha kwa eni ake.

"Ukufuna kuyesa mtengowu kapena ine?" anafunsa agogo.

"Mtengowu, Agogo."

Anaseka, n'kunditengera kumtengo wawo. Anandilangiza kuti ndisende mbali imodzi yokha, chifukwa ukazunguliza thunthu lonse mtengo umauma. Ndinathyolanso kanthambi ka masamba ndi duwa, n'kukapanikiza m'nyuzipepala pakati pa matabwa awiri. Kameneka ndinapita nako ku National Herbarium, malo osungira ndi kuzindikira zomera ku Zomba, komwe anatsimikiza kuti ndi Kigelia africana n'kukapatsa nambala. Musadumphe pamenepa. Kuchigwa kuno Amang'anja ndi Asena satchula mitengo mofanana nthawi zonse, ndipo popanda nambala imeneyi wina sangadziwe kuti munayesa mtengo uti.

Poyanika m'pamene ndinalakwitsa. Unali mwezi wa Okutobala, kutentha kukupitirira madigiri 40, ndiye ine ndinangoyala makungwa pamphasa padzuwa ngati mapira. Anauma msanga, ine n'kumadziyamikira. Aphunzitsi ondiyang'anira atamva anangopukusa mutu: dzuwa ndi kutentha zimatha kuwononga zina mwa zomwe tikufunazo. Ndinatsikanso ku Thabwa, kuwoloka Shire pa Kamuzu Bridge, kukayambiranso. Ulendo uno makungwa anakhala pamthunzi pakhonde masabata awiri, kenako ndinawasinja mumtondo.

Ufawo ndinaugawa pawiri. Magalamu 100 ndinawaviika mu lita imodzi ya methanol, mtundu wa spiriti wa mu labu, kwa maola 72, ndikumakhutchumula, kenako n'kusefa ndi pepala la Whatman No. 1. Methanol ndinamuumitsa ndi makina otchedwa rotary evaporator pa madigiri 40 mpaka kutsala phala lakuda bii, lomata ngati phula. Gawo linalo ndinaliwiritsa m'madzi monga amachitira agogo. Ndinaumirira zimenezi chifukwa palibe sing'anga amene amaviika mankhwala mu methanol, komanso methanol ndi poizoni.

Kuyesa kwenikweni kumafuna dzira la nkhuku, loikira kumene. Zoyera za dzira zikatenthedwa zimagwirana n'kuchita mbuu, ndipo mankhwala ena a kutupa, monga diclofenac, amachepetsa kugwirana kumeneku. Mu chubu chilichonse ndinkathira 0.2 mL ya zoyera za dzira, 2.8 mL ya phosphate buffer ya pH 6.4 (madzi osunga mlingo wa asidi kuti usasinthe), ndi 2 mL ya mankhwala a mvunguti, machubu ena osungunula kwambiri, ena okhathamira. Machubu ena ndinathiramo diclofenac kuti ndifanizire, ena madzi okha. Onse amakhala mphindi 15 pa madigiri 37, kenako mphindi 5 pa madigiri 70. Akazizira, spectrophotometer, makina oyeza kuwala kodutsa mu chubu, imawerenga pa 660 nm kuti mbuu uja wachuluka bwanji.

Tsiku loyamba manambala anatuluka opanda mutu. Machubu okhathamira ankaoneka ngati mvunguti ukuwonjezera vuto. Ndinagona ndikuganiza kuti agogo ndikawauza chiyani. M'mawa mwake bambo wina wogwira ntchito mu labumo ananyamula chubu chimodzi n'kuchiloza kuwindo.

"Achimwene, taonani mtundu wakewu. Makinawa akuwerenga kufiira kwa khungwa, osati dzira."

Zinalidi choncho. Pamafunika chubu china cha mankhwala okhaokha opanda dzira, kuti nambala yake uichotsere pa inayo. Ndinabwereza zonse, muyeso uliwonse katatu, tsiku lina magetsi n'kuzima madzi asanafike pa 70, ine n'kukagulanso mazira.

Pamapeto pake mvunguti unachepetsa kugwirana kwa dzira, wa methanol kuposa wowiritsa, koma onse awiri sanafike pa diclofenac. Mu lipoti ndinalemba zokhazo. Dzira la mu chubu si bondo la munthu: silikuuza ngati mankhwala amalowa pakhungu, mlingo wake, kapena chomwe angachite ku chiwindi munthu akamwa. Pafunikabe kuyesa pa makoswe, kuwabaya mankhwala otupitsa otchedwa carrageenan kuphazi n'kumayeza kutupa kwake, ndipo zimenezo zimadikira chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku.

Pa tchuthi ndinapita ku Ngabu ndi lipoti lija, n'kuwafotokozera agogo zonse, za dzira zomwe. Anamvetsera mpaka kumapeto akusenda mtedza.

"Ndiye mazira onsewo munataya?"

"Eya, Agogo."

"Ulendo wina uzibwera nawo kuno."