Madzi atuluka, zikomo nonse

Alhamdulillah, madzi atuluka pa mjigo wathu watsopano abale anga, ndipo si amchere ayi. Thupi latheratu koma ndati ndisagone ndisanathokoze.

Mukudziwa kale mmene tavutikira kuno kumtunda kwa Namwera. Anthu akamva Mangochi amangoganiza za nyanja, sadziwa kuti kumapiri kuno amayi amadzuka tambala asanalire kukafukula mchenga mumtsinje wouma. Kolera wa 2022 ndi 2023 uja tinamuona ndi maso. Ndalama zosonkherana zinathera m'maenje ouma, obowola ankangotisiyira fumbi la mwala n'kumapita.

Koma mwana wa achemwali angayu! Iwe mwana wanga, ndikuthokoze bwanji? Unabwera ndi laputopu yako, n'kutsegula zithunzi za setilaiti za Landsat ndi Sentinel-2, zongotenga ulere pa intaneti. Pa QGIS, pulogalamu ya pakompyuta yopangira mapu, unasanjikiza mapu pamwamba pa mapu, a kutsetsereka kwa malo, a timitsinje, a dothi, a mvula, a miyala. Sunatinamize. Unanena poyera kuti setilaiti siona madzi pansi, imangolozera poyambira. Kuno pansi ndi thanthwe, madzi amabisala m'ming'alu ndi m'mwala wofumbutuka. Unatiwonetsa kamzere kowongoka pomwe mitengo imakhalabe yobiriwira mu Okutobala, kena kakudutsana nako kumunsi kwa munda wa amfumu, ndi kuti "amalume, tiyeze apa".

Ndipo sunathere pakompyuta. Unayenda dzuwa lili pamutu, kukoka nthambo ndi anyamata, kukhoma zitsulo pansi poyeza nthaka ndi magetsi, nsapato mpaka kung'ambika. Batire ikatha unkakatchajitsa kumsika ndi ndalama yako. Tambala imodzi sunatilipiritse.

Amfumu, zikomo popereka malo m'munda mwanu osawiringula. Amayi amene munaswa miyala ndi kututa mchenga, ashehe ndi abusa amene munatipempherera limodzi, Mulungu abweze pomwe mwachotsa.

Enanu amene munkati kamtsikana sikangapeze madzi ndi zithunzi, ndipo tsiku losonkha foni zanu zinkakhala zozima, bwerani ndi ndowa, sitikubwezani.

Mwana wanga, pamene matope anasanduka madzi oyera unakhala pansi n'kulira, ine ndinakuona. Mulungu akutsegulire ntchito yomwe ukufunayo.

Pampu ya Afridev aika simenti ikauma. A komiti tikumane Loweruka masana, tikambirane za mpanda ndi ndalama ya pamwezi yogulira marabala a pampuyo.