Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: mwana wa magazi otsekemera

Ulendo watha ndinalekezera pomwe mayi ananditumiza kwa agogo ku Nkhotakota nditabwereza Sitandade 5. Za sukulu tizisiye kaye, lero ndikufuna ndikambe za udzudzu.

Timagona anyamata anayi pa mphasa imodzi, neti kunalibe, agogo amangoponya masamba a mpungabwi pa makala kuti utsi uthamangitse udzudzu. Koma kukacha anzanga atatu aja ali bwinobwino, ine miyendo yonse zotupa zokhazokha, ndakanda mpaka magazi, akakolo otupa ngati ndaponda moto. Agogo amangoti "iwe magazi ako ndi otsekemera, uchepetse shuga m'phala" ndipo anandiletsadi shuga mwezi wathunthu, ine kumamwa phala lozizira mkamwa anzanga akunyambita masipuni, udzudzu osasintha olo pang'ono. Chaka chimenecho malungo anandigwetsa katatu.

Ndinakula ndikukhulupilira zimenezo mpaka 2022, pamene mnzanga wina wa ku ntchito ananditumizira nkhani pa WhatsApp akuti aise, akukamba za iwe apa. Inali ya mayi wina wasayansi wa ku Rockefeller University ku New York, Leslie Vosshall, amene zaka zambiri wakhala akufufuza mmene tizilombo timanunkhizira, anayambira pa tintchentche tating'ono ta pa zipatso tija kenako nkupita ku udzudzu. Gulu lake linatenga anthu 64, kuwaveka masitokini a nayiloni m'mikono kuti fungo la khungu lilowerere, kenako kumaika masitokiniwo awiriawiri kuti udzudzu usankhe. Munthu wina yemwe anangomupatsa nambala 33 amakoka udzudzu pafupifupi ka 100 kuposa yemwe udzudzu sumamufuna. Chomwe anapeza sichinali cha magazi ayi, chinali ma asidi a pakhungu otchedwa carboxylic acids, ena timangokhala nawo ambiri basi.

Chomwe chinandipweteka nchakuti anawayesanso patapita nthawi yaitali ndipo zinali chimodzimodzi, wokondedwa ndi udzudzu amakhalabe wokondedwa. Anayeseranso kuwononga jini (kachidutswa ka malangizo a chibadwa m'thupi) yothandiza udzudzu kununkhiza, yotchedwa Orco, koma unamupezabe nambala 33 uja, chifukwa mitsempha ya m'tinyanga take ili ndi njira zingapo zogwirira fungo, ukatseka ina nkumagwiritsa ina. Ndinaseka ndekha mu minibasi kkkk, anthu kundiyang'ana.

Ndisakunamizeni, udzudzu womwe amagwiritsa ntchito iwowo ndi Aedes aegypti, wofalitsa matenda a dengue ndi yellow fever, osati Anopheles wathu wa malungo. Koma za Anopheles ndinapezanso za Bart Knols wa ku Netherlands, amene anaona kuti umathamangira fungo la mapazi mpaka umakopeka ndi tchizi ya Limburger yomwe imanunkha ngati sokosi zakuda, anapatsidwa nazo mphotho ya Ig Nobel, ya kafukufuku woseketsa koma wopatsa maganizo, mu 2006. Nde akakolo anga aja, mwana woyenda osavala nsapato tsiku lonse kunyanja ndi kumagona osasamba, mukuona bwanji.

Agogo anatisiya ndisanawawerengere zimenezi, shuga wanga wa mwezi uja sindinawafunse. Madam anga okha ndi amene akupindula, tikakhala pakhonde madzulo amasendera pafupi nane dala eti ndine koilo wawo. Gawo 10 tibwerera ku sukulu ija.