Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Ndege Ikakhala Pansi ku Lumbadzi

M'gawo lapitali tinalekezera pomwe ndinayamba ntchito yolandira ndege pabwalo la Kamuzu ku Lumbadzi. Lero za ine zidikire kaye, muone ntchitoyo mmene imayendera.

Msewu wa ndege uli ndi nambala 14 mbali ina, 32 mbali inayo. Koterera amasankha a pansanja yolondolera ndege poona mphepo, chifukwa ndege imatera ndi kunyamuka moyang'anizana nayo. Ikafika poimikira, wa timitengo tiwiri amaikodola mpaka tayala lakutsogolo liponde pamzere. Nyali yofiira ya kumimba kwake ikamaphethira, palibe woyandikira: injini yozungulira imakoka munthu wathunthu. Ikazima m'pamene timakankhira makwerero, kutsegula mosungira katundu, othira mafuta n'kulumikiza paipi.

Nthawi yomweyo m'kati mwa nyumba ya pabwalo apaulendo ali pamzere. Pakauntala amaona pasipoti ndi tikiti, chikwama n'kukwera pasikelo. Matikiti ambiri amalola makilogalamu 23 pachikwama chimodzi. Chonde werengani kapepala komwe amata pachikwamacho. JNB ndi Johannesburg, NBO ndi Nairobi, ADD ndi Addis Ababa. Zilembo zitatuzi zikalakwika, katundu amapita kwina inu kwina. Power bank ikhale m'chikwama cha m'manja, chifukwa batire ikayaka pansi mosungira katundu palibe woizimitsa. Kenako a Immigration amadinda, makina amaunika, ndipo botolo la zamadzimadzi loposa mamililita 100 limatsala pomwepo.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ambiri amayesa akapereka chikwama ndiye kuti ndege iwadikira. Ayi ndithu. Paulendo wakunja, chikwama cha munthu amene sanakwere chimatsitsidwa. Anyamata amalowanso m'mimba mwa ndege mogwada, kusuntha zikwama chimodzichimodzi kufuna chimodzi chokha. Chikapezeka, pepala la kulemera kwa ndege limakonzedwanso, woyendetsa n'kusainanso. Munthu mmodzi wochedwa kutsanzikana ndi abale panja wachedwetsa onse.

Kulemerako si nkhani yamasewera. Bwaloli lili pamtunda wa mamita oposa 1,200 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, ndipo kutentha kwa Okutobala kumapepukitsa mpweya. Mapiko ndi injini sizigwira mwamphamvu, ndege imathamanga mtunda wautali isanadzuke, ndiye kilogalamu iliyonse imawerengedwa.

Gawo 10 tidzakwera pansanja, timve zomwe amalankhulana ndi oyendetsa ndege zitseko zikatsekedwa.