Chiliza cha agogo chaima, zikomo Azakhali

Ndangofika ku Tete usiku uno, fumbi la ku Angónia likadali m'tsitsi, koma sindigona ndisanathokoze. Chiliza cha agogo chaima. Ambuye alemekezeke.

Azakhali, ndiyambe ndi inu. Ife adzukulu tinali ndi ndalama ya simenti ndi dzina basi, manda enieniwo sitinkawadziwa chifukwa tchire linali litakuta ponse. Amfumu atangotilola kulowa kumanda, inu ndi mwendo wanu wotupawo munatsogola mame asanaume, mpaka pa kamulu ka pafupi ndi mtengo wa msuku, n'kunena kuti mutu uli uku. Anyamata polambula anapeza mbale yadzimbiri imene munaikapo nokha tsiku la maliro. Ine ndinangokhala pansi n'kulira.

Ndipo mbiri yonse imene inawerengedwa pamwambo ija inachokera pakamwa panu. Agogo anachoka pamudzi mu 1968, chaka chimene FRELIMO, gulu lomenyera ufulu wa Mozambique, inatsegulanso nkhondo m'chigawo chathu cha Tete, atatopa ndi chibalo komanso msonkho wa Apwitikizi. Anachoka usiku osatsanzika, inu muli kamtsikana kongoyamba kutunga madzi. Anadzera ku Zambia mpaka ku Nachingwea, ku Tanzania, kumene anaphunzira mfuti. Pobwerera ankasenza zipolopolo pamutu kuchokera kumalire a Zambia, kuyenda usiku okhaokha, kuwoloka Zambezi pa bwato nthawi imene damu la Cahora Bassa linkamangidwa ku Songo. Kumudziko inu ndi amayi anu munali mutasamutsidwira ku aldeamento, mudzi wolonderedwa ndi asilikali a Apwitikizi, kumunda kupita ndi chilolezo cha asilikali. Mgwirizano wa ku Lusaka wa pa 7 September 1974, wothetsa nkhondoyo, utasainidwa, agogo anatulukira khutu limodzi litagontha, kachitsulo kali m'ntchafu. Bambo anga akuti agogo sankakamba za kutchire kwa wina aliyense, kupatula inu, madzulo potong'ola chimanga.

Za chitini chija sindikudziwa ndithokoze bwanji. Mu 1986, nkhondo yapachiweniweni ija itakula anthu n'kumathawira ku Dedza, ena ananyamula mapoto ndi mbuzi. Inu munakulunga chitini cha mapepala a bambo anu m'thumba la feteleza n'kuchikwirira pansi pa nkhokwe. Mtendere wa ku Roma utabwera mu 1992, munabwerera n'kupeza nkhokwe inapsa kalekale, koma munakumbabe masiku atatu mpaka khasu linagunda chitsulo. Dzulo ndagwira ndi manja anga khadi la agogo ndi chithunzi chodyedwa m'mbali, ali mnyamata wowonda, chipewa chopendekeka. Mphuno yake ndi ya mwana wanga ndendende.

Zikomo amfumu ndi nduna zanu. Zikomo amayi a kumpingo, munaphika thobwa ndi kachewere wokwanira khamu lonse lija. Zikomo amisiri, mvula inakunyowetsani koma simunasiye ntchito. Madala awiri amene anamenya nkhondo limodzi ndi agogo, munachoka ku Furancungo pa minibasi ndi ndalama zanu, munaimirira njo pamanda, ndodo zili pansi. Mulungu akuwonjezereni masiku.

Kwa abale amene munali patsogolo nthawi yothamangitsa mapepala a penshoni ya agogo koma thumba limodzi la simenti linakukanikani, ngakhale foni yokha, zinatipweteka ndithu. Sindibisa. Azakhali anandiletsa kutchula mayina, ndipo ndawamvera.

Azakhali, mwatilera kawiri. Ambuye achiritse mwendo umenewo, akusungeni. Chitini mwandipatsa chija ndachiika pamwamba pomwe chiswe sichingafike. Mwezi ukatha ndikubwera kudzakutengani tipite kuchipatala ku Ulongwe, ndipo ana ndibwera nawo, mudzawafotokozere nokha za usiku umene bwato la agogo linatsala pang'ono kugubuduzika, paja dzulo alendo anatidula pakati.