Tebulo la m'mphepete ku Zomba ndi nkhani ya dipoziti

Ngati mukufuna kukadya kumalo ena odyera apamtunda, a m'mbali mwa phiri la Zomba, oti ukakhala tauni yonse ya Zomba imakhala kunsi kwako, musanatumize ndi tambala yomwe funsani kaye ngati dipoziti yanu adzaichotsere pa bilu. Yankho akulembereni pa WhatsApp, la pakamwa musalole.

Ife tinapita tsiku limene mng'ono wanga analandira digiri yake ku Chancellor College. Amayi anachita kuchokera ku Balaka, ndiye ndinkafuna akhale poti aziona bwinobwino. Nditaimba foni anandiuza kuti matebulo a m'mphepete amatha msanga, nditumize K30,000 pa Airtel Money kuti atisungire. Ndinatumiza, mnyamata wake nkuti "zatheka bwana, musadandaule."

Tikufika cha m'ma 4 koloko, patebulo lathu panali anthu a semina, ma laputopu ali mbwee. Ife anatilozera kuseri kwa chipilala, pafupi ndi khomo la kukhitchini, pomwe timangoona ma kreti a zakumwa. Ndinafunsa weta mwaulemu. "Pepani achimwene, amene munalankhula naye lero sali pantchito." Ndinati muitane manijala. Manijala anabwera ndi buku, natsegula masamba akunyowetsa chala ndi malovu, dzina langa mulibe. Ndinamuonetsa meseji ya ndalama. Anaiwerenga, nkupita nayo foni yanga kukauntala, nkubwerera kudzati ndalama yalowadi koma alendowo sangawasamutse, tidikire amalize. Amayi anangoti "zisiye mwanangu, nsima ndi yomweyo," koma ine mtima unali utawira, chifukwa nsima ikanaphikidwa ku Matawale komwe tinagona. Chimene ndinalipirira chinali malowo.

Nthawi ya 4 koloko ndinaisankha dala. Tauniyi ili kunsi kwa phiri chakum'mwera cha kum'mawa, choncho dzuwa limabisika kuseri kwa phiri ndipo mthunzi umagwa msanga. Ukachedwa, nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje suzionanso. Nyengo nayonso muziiganizira. Mu Juni ndi Julayi chiperoni chikatsika mumangoona nkhungu, pomwe mu Seputembala ndi Okutobala utsi wa moto wa m'tchire umaphimba chigwa chonse. Kumaoneka bwino mvula ikangosiya, cha mu Epulo ndi Meyi.

A semina ananyamuka kuwala kutatsala pang'ono. Tinasamuka mbale zili m'manja. Apo pokha ndiye ndinapuma, poona Amayi atagwira chitsulo cha m'mphepete akufunafuna denga la nyumba yakale ya malamulo, akumuuza mng'ono wanga kuti likulu linali kuno mpaka 1975 pamene linasamukira ku Lilongwe, ndipo aphungu anapitiriza kukumana kuno mpaka 1994. Kenako magetsi anayamba kuyaka chakumsika, mpaka ku Chinamwali. Chambo chinali chabwino, sindinama, chokazinga mpaka zipsepse kuchita kukhukhuzika, ndipo tchipisi chinabwera chotentha.

Ndaiwala za kuzizira. Tengani juzi ngakhale kutauni kukutentha. Amayi anadzifunditsa chitenje, mng'ono wanga anavalanso gauni yake ya digiri.

Bilu itabwera ndi pomwe mkangano weniweni unayamba. VAT inalipo, msonkho wa zokopa alendo unalipo, zimenezo sindikana. Koma K30,000 yanga sinachotsedwe. Akuti imeneyo ndi "ya malo." Malo ake ati, oti takhalapo dzuwa litalowa kale? Pafoni palibe anatchula zimenezo, mawu anali akuti dipoziti. Manijala anati ndi lamulo la kampani, ndinati andionetse pomwe linalembedwa, pamenyu kapena pakhoma. Panalibe. Tinaima pakauntala nthawi yaitali, anthu akutiyang'ana, mwana wa digiri akuchita manyazi pa tsiku lake. Pomaliza anaimbira mwini malo nkuichotsa, akulemba ndi bolopeni pa lisiti lomwelo. Ndi chifukwa chake ndikubwereza kuti zonse zilembedwe, ndi dzina la amene mwalankhula naye, ndipo meseji ya ndalama musaifufute.

Za ulendo wotsika konzeranitu. Usiku kumtundako galimoto za hayala sizipezeka chisawawa, ndipo msewu wake ndi wokhotakhota, wosayenera kukwezapo munthu wamkulu pa njinga yamoto. Ife tinagwirizana ndi dalaivala amene anatikweza kuti adzatitengenso, mtengo wa ulendo wonse tinapanganiratu pasiteji. Mabulosi a anyamata a m'mbali mwa msewu gulani pokwera, potsika mumapeza atapita kwawo.