Zaka zisanu tikudzutsa makompyuta akale

Mwezi uno takwanitsa zaka zisanu tikukonza makompyuta akale, aja amene eni ake sangawataye chifukwa pulogalamu yawo yogwirira ntchito imakana makina atsopano. Tinayamba awiri, ndi tebulo limodzi komanso ndalama zangongole.

Chimene chinatsala pang'ono kutigwetsa mungachiseke: tizithunzi ta pa desktop, tija timaoneka pa sikirini kompyuta ikangoyaka. Kasitomala wathu wamkulu woyamba anatibwezera makompyuta onse amene tinamukonzera. Akangotsegula pulogalamu yake yojambulira, tizithunzi tinkasuluka ngati nsalu yakale, chithunzi chakumbuyo n'kuchita mawangamawanga. Amene anatigulitsa zipangizo anati vuto ndi masikirini, tigule ena. Tinagula. Palibe chinasintha, ndipo foni yathu anasiya kuyankha. Otikongoza aja ndiye sankaphonya tsiku.

Usiku wina mnzanga anaona kuti tizithunzi tojambulidwa ndi mitundu 16 yokha sitinkasintha ayi, tinkasuluka ndi tokongola ta mitundu yambiri tokha. Apa mpamene tinatulukira. Makompyutawo ankaonetsa mitundu 256 yokha nthawi imodzi. Zikatero, kadontho kalikonse pa sikirini sikasunga mtundu, kamasunga nambala, ndipo nambalayo imaloza pa mndandanda wa mitundu wotchedwa palette. Windows imadzisungira mitundu 20 yosasintha, imene tizithunzi ta mitundu 16 tija timagwiritsa ntchito, ina 236 imapita kwa pulogalamu imene mukuigwiritsa ntchito nthawiyo. Pulogalamu ija ikadzaza mitundu yake, nambala imene inkaloza buluu imapezeka ikuloza bulauni. Windows ikayesa kujambulanso, imangotola mtundu woyandikirako pa umene watsala, ndiye kusuluka kuja.

Masikirini analibe mlandu. Tinaika driver yoyenera, kapulogalamu kamene kamathandiza Windows kuonetsa zithunzi pa sikirini, n'kukweza mitundu kufika pa 65,536, pamene kadontho kalikonse kamanyamula mtundu wakewake. Tinatsegula ndi kutseka pulogalamuyo maulendo osawerengeka, osakhulupirira maso athu.

Tikuthokoza kasitomala ameneyo potipatsanso mpata pamene akanatha kupita kwina. Tikuthokoza mabanja athu amene ankatidikira mpaka pakati pa usiku osadandaula, achinyamata amene tawaphunzitsa ntchito ndipo sanatithawe, ndi inu nonse amene mumauza anzanu za ife. Ngakhale ogulitsa masikirini aja, zikomo, munatiphunzitsa kuyeza tisanagule.

Ngati muli ndi pulogalamu kapena gemu yakale imene imasokoneza mitundu, musathamangire kugula sikirini ina. Bweretsani kompyutayo tiione kaye. Tidzakuonetsani vutolo muli pompo, ndipo tikapeza kuti ndi palette, mudzabwerera nayo tsiku lomwelo.